Mbale ya Natale, Mbale ya Idi

Marita mwana wanga,

Ndakhala pakhonde masana ano pamene iwe ndi mwamuna wako mwapita kumsika kukagula nyemba ndi mbatatesi zoti mutenge ku Nampula. Bambo ako agona pansi pa mtengo wa mapichesi, wailesi ili pamimba. Azakhali ako awiri ali kuseri, akutsuka miphika ya ukwati uku akujeda aliyense amene anabwera kudzadya. Ndang'amba mapepala apakati pa kope la kwaya kuti ndikulembere. Ukudziwa kuti pakamwa panga pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo, ndiye ndati lero liyankhule dzanja, poti ilo limachedwa.

Mawa m'mamawa ukwera basi, ndipo yakwana miyezi iwiri usakundiyang'ana m'maso. Umandiyankha bwino ndithu, inde mama, ndamva mama, ndipo palibe angakunene kuti ndiwe wamwano. Koma amene ndinakubereka ndine, ndimadziwa pamene mwana akundipatsa ulemu wokhawokha. Chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Tsiku lija tikusenda adyo kukhitchini, azakhali ako ali pomwepo, ndinayamba kukamba za Natale, tsiku la kubadwa kwa Yesu, monga ndimachitira chaka chilichonse Okutobala akangolowa. Iwe unanena motsitsa mawu kuti sudzadyanso nkhumba, ndipo kuti Chisilamu walowa ndi mtima wako, osati chifukwa cha mwamuna wako Yusufu yekha. Ine ndinakuyankha kuti ngati chakudya cha m'nyumba muno chasanduka chonyansa, usadzapondenso pano pa Natale, ndipo mbale yako ndidzapatsa galu. Ndawalemba mawuwo monga ndinawanenera kuti usaganize kuti ndaiwala kapena ndikuwachepetsa. Mantha anga ndi akuti ukwera basiyo uli nawo mumtima, ndipo udzawamvera. Kuyambira uli wamng'ono unali mwana womvera, ndipo lero ndi chimene chikundiopsa.

Ndifika ku nkhani imeneyo, koma undilole ndizungulire kaye, ndine mayi ako. Anankungwi akuuza kale za kugwada ndi za kuchipinda, ndipo ndinamva kuti sanasiye kanthu. Ine ndikuuza za kukhitchini pa masiku a fesita, a chikondwerero aja. Usaderere, chifukwa zolakwa zanga zikuluzikulu zonse ndinazichitira pamenepo, nditavala kapulana, chitenje chija, yatsopano, manja ali ufa wokhawokha.

Cholakwa changa choyamba ndinalakwira mayi anga. Nthawi ya nkhondo, tili m'mudzi wa eni ake cha ku Namwera ku Malawi, mpunga tinkauona kamodzi pa chaka, pa tsiku limene kumeneko amati Khirisimasi. Chotsekemera chathu chinali chigumu. Mayi ankatenga nthochi zimene zada khungu, n'kuzikanya ndi mgaiwa, soda pang'ono ndi kamchere, n'kuthira mumphika wong'ambika khutu, makala pansi ndi pa chivundikiro. Shuga akapezeka ankathira, akasowa ankati nthochi zikwanira. Ife ana tinkakhala mozungulira kuyambira m'mawa, kumenyanirana chikhokho chapansi. Titabwerera kuno ku Lichinga ndinapeza ntchito m'nyumba ya dona wina ku Sanjala, ndipo ndi iye amene anandiphunzitsa bolo, keke ya ufa wa tirigu, mazira, majarini ndi khungu la ndimu. Mutu unandikula. Pa Natale yotsatira ndinaitana anzanga a m'tauni, ndinaika bolo wanga pakati pa tebulo, ndiye mayi anatulukira ndi chigumu chawo m'mbale, chikadali chotentha. Ndinawanong'oneza kuti abwerere nacho, chimenecho n'chakudya cha othawa nkhondo. Anabwerera nacho, ndipo sanadzachiphikenso pa Natale mpaka tsiku lawo linakwana.

Chimene iwe wakula ukuchitcha chigumu cha agogo si chawo ayi, n'chongoyerekeza changa. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwonjezera ichi, kuchotsa icho, koma chilipo chimene ankachita chimene sindinachione, ndipo wofunsa ndilibenso. Choncho mwana wanga, kumene ukupitako udzaona zakudya zokongola, za koko, kunena kokonati, ndi zonunkhiritsa zimene ine sindidziwa n'komwe mayina ake. Uziphunzire zonse. Koma tsiku lina udzakanye nthochi ndi mgaiwa, uike pa tebulo lomwelo, ndipo akakufunsa udzanene mosabisa kuti n'cha kwanu. Nthochi zikhale zija bambo ako amati zaola. Ukachite manyazi ndi zinazo, osati ndi chimene chinadyetsa mayi ako.

Chachiwiri ndinalakwa ndili mkamwini watsopano, ngati iweyo lero. Natale yanga yoyamba pabanja tinakaidyera ku Chimbonila kwa agogo ako obereka bambo ako. Kumeneko za bolo sankazidziwa. Akadya mpunga ndi nkhuku ankatulutsa lichero la masuku, chidebe cha thobwa, n'kukhala pamkeka mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinafika ndi chitini changa chophikira bolo, mazira nditawakulunga m'nsalu, nditatsimikiza kuti anthu akumudziwa aona lero. Apongozi anga anandifunsa kawiri ngati ndikufuna thandizo pa moto, ndipo kawiri konse ndinati ayi, ndazolowera. Zimene ndinazolowera zinali makala a m'tauni pa mbaula. Iwo ankasonkha nkhuni za muwanga, zimene moto wake sumasewera. Nditavundukula, kunja kunali bii, m'kati muli phala. Alamu anga anayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka. Bambo ako, poti ukwati unali wa miyezi itatu, anadya zidutswa ziwiri n'kumati n'zokoma, ndipo tsiku lotsatira analithera kuseri kwa nyumba. Mpaka lero amanena kuti umboni wa chikondi anapereka kale, asamavutitsidwe.

Apongozi sananditukwane. Madzulo ake anandiitana kukhitchini, anakankha makala ndi kamtengo, n'kundionetsa kuti a muwanga umawasiya kaye mpaka achite phulusa pamwamba. Anangoti, "Mukanafunsa, amayi. Kufunsa sikuchotsa munthu ulemu pakhomo pano." Kuchokera tsiku limenelo tinagwirizana, ndipo chimene chinatigwirizanitsa si luso langa ayi, koma bolo wopsererayo.

Ndiye iwe, Idi yako yoyamba ndamva kuti mukaidyera ku Metangula kwa mayi ake a Yusufu. Usakapite ndi chitini. Ukapite ndi manja ndi mpeni wosendera anyezi. Ndinawaona mayi aja pa ukwati, ndi munthu woseka, koma maso awo anali pa mphika uliwonse, ndipo mpunga wathu anauyesa ndi zala asanadye. Khitchini yawo ili ndi malamulo ake, ndani amakazinga, ndani amapakula, mbale yoyamba imapita kwa yani. Ukafunse. Ngakhale chimene ukuchidziwa, ukafunse momwe iwo amachitira, chifukwa mayi wamkulu akafunsidwa amafewa. Iwe uli ndi kamutu kolimba kamene unatengera kwa ine, kaja kongoti ndikudziwa, ndikudziwa. Ukakasiye m'basi. Chaka chachiwiri kapena chachitatu adzakuuza okha kuti tamva kuti mumadziwa bolo, ndipo pamenepo ndiye udzatulutse chitini. Funsa, Marita.

Pali china chimene mwina sunachiganizire. Natale imaima malo amodzi. Imabwera mvula itayamba, mango atapsa, masuku ali mbwee m'misewu, mapichesi athu akuthyola nthambi, ndiye ife sitiganiza n'komwe, timangotola. Idi imayenda. Chiyambire kukhala pafupi ndi Asilamu ndaiona ikugwera m'nyengo ya mango, ndaiona m'dzuwa la Okutobala, ndaiona m'chisanu cha Juni chija madzi amaluma zala, ndipo tsopano yafika m'nyengo ya mondokwa ndi maungu. Mkazi wa m'nyumba yotero sangadalire chipatso chimodzi. Uphunzire kuyang'ana chimene chili pamsika mwezi umenewo. Ikagwa m'chisanu, futali wa mbatata ndi nsinjiro zambiri, wotentha. Ikagwa m'masika, maungu ophika ndi koko ndi shuga pang'ono, kapena magwafa. Ikadzabwereranso ku mango, iwe utakula ngati ine, udzaphike dose yathu ija, chotsekemera cha mango ophika ndi shuga.

Dose imeneyo ndikukumbutse, chifukwa nthawi zonse umathamangira. Mango akhale oyezuka, osati ofewa. Usende, udule, uthire shuga ndi madzi a ndimu imodzi, moto ukhale wochepa, ndipo uvundule mpaka chipande chikamadutsa chizisiya njira pansi pa poto. Usachoke. Ine chaka china ndinati ndingopita kumpanda kukamva nkhani imodzi yokha ya mkazi wa sekeretariyo wa bayiro, mkulu wa dera lathu lino, ndipo nkhaniyo inali yokoma moti ndinakumbutsidwa ndi utsi. Potoyo tinamusandutsa womwetsera nkhuku.

Kumpanda komweko ndi kumene kunachitikira cholakwa changa chachikulu, chimene sindinakuuzepo. Unali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ukakumbuka ungokumbuka kuti panali nthawi imene ndinkakuletsa kukasewera kwa Abiti Saidi. Chisamukire kuno ku Lulimile, iwo ndi amuna awo Che Omari akhala anansi athu a mpanda umodzi. Kuyambira chaka choyamba tinkapatsana mbale. Pa Natale ine ndinkawatumizira mpunga, nkhuku ndi bolo, ndipo pa Idi iwo ankatitumizira pilawu, mandasi ndi kalimati, timipira tokazinga tija toviika m'madzi a shuga timene unkadya mpaka kumata tsitsi. Mbale sinkabwerera yopanda kanthu. Ikapita inkakhala komweko mpaka mwini nyumba atapeza choikamo, ngakhale mazira awiri. Nkhuku zathu za Natale ankazinga ndi Che Omari, ndipo ine ndinali ndi poto ndi chitini zimene nkhumba sinkayandikira. Zimenezi sitinakhalirane pansi kuti tipangane. Zinangokhala choncho, ndipo Abiti Saidi akalandira mbale ankangofunsa mwamwambo kuti, "Mana, mchemwali wanga, tidye?" Ine n'kuti idyani.

Chaka chimenecho majarini anandithera nditakanya kale. Unali m'mawa wa Natale, masitolo otseka, mvula ikugwa, ndipo ndinalibe chopaka m'chitini kuti bolo asamatirire. Mafuta ophikira onse anali atapita ku nkhuku. Pa shelefu panali kabotolo ka mafuta a nkhumba imene alamu anga anapha ku Chimbonila. Ndinaima, ndinakayang'ana, ndipo ndinadziuza kuti n'kupaka chabe, sindikuthira m'kati. Ndinapaka ndi chala. Bolo anatuluka wokongola kuposa zaka zonse. Ndikanatha kungowatumizira mpunga ndi nkhuku n'kunena kuti bolo wa chaka chino si wanu, ndipo akanaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ndinkafuna andiyamikire. Ndinadula chidutswa chachikulu, ndinapita nacho ndekha kumpanda. Anandifunsa funso lawo lija, ndinawayang'ana m'maso, ndinati idyani. Anadya iwo, amuna awo ndi ana awo onse.

Anaulula ndi bambo ako, osadziwa kuti akuulula. Patapita milungu iwiri akusewera bawo ndi Che Omari, anayamba kundichemerera kuti mkazi wanga ndi wanzeru, majarini atatha anapaka mafuta a nkhumba, bolo osamatirira ngakhale pang'ono. Akuti Che Omari anangoika njombwa zosewerera pansi n'kutsanzika. M'mawa mwake ndinapeza mbale yanga pakhonde, yotsukidwa bwino, yovundikira, mulibe kanthu. Ndinaitola n'kulowa nayo m'nyumba. Koma m'malo mopita kukagwada, ndinakwiya. Ndinauza aliyense wofuna kumva kuti anthu awa amakokomeza, kachala kamodzi ka mafuta kapha ndani. Zaka ziwiri tinkapatsana moni wa pamsewu. Pa Idi ndinkamva fungo la pilawu likudutsa mpanda, iwe n'kumandifunsa kuti kalimati abwera liti, ine n'kukukalipira.

Amene anabwera kwa mnzake anali Abiti Saidi. Unali m'mawa wa Idi yachitatu, atangochoka kokapemphera, atavala zoyera, asanadye kanthu. Anaima pakhomo la khitchini, ndipo mawu awo ndikuwakumbuka onse. "Mana, kwathu tsiku la lero sitidya tili ndi munthu kukhosi. Mafuta aja Mulungu sanandiwerengere, poti sindinadziwe. Chinandipweteka n'chakuti ndinakufunsani, inu munandiyang'ana m'maso. Koma nanenso ndasunga mkwiyo nthawi yaitali. Mundikhululukire." Wolakwa ndinali ine, wopepesa anali iwo. Ndinakhala pansi pa simenti n'kulira ngati pamaliro, ndipo manyazi a tsiku limenelo sanandichokebe. Masana ake mbale inabwera.

Pamenepa ndikuuze ziwiri, ndipo uzisunge. Choyamba, usadzaname za chimene chili mumphika. Munthu akadya chakudya chako wakukhulupirira ndi thupi lake lomwe. Kaya ndi apongozi, kaya ndi mlendo, kaya ndi wodwala shuga amene wafunsa ngati wathira, unene zoona ngakhale mbale ibwerere yosakhudzidwa. Bolo wosadyedwa amaiwalika pofika Januwale, koma ine bodza la mawu amodzi linandidyera zaka ziwiri. Chachiwiri, ukalakwa usadikire kuti wolakwiridwa ayambe ndiye. M'banja mudzalakwirana, ndipo Yusufu ndamuona, ndi wofatsa, wa mtundu uja umangokhala chete n'kumadya pang'ono. Usadzamusiye choncho masiku atatu uku ukumenyetsa ziwaya. Upite, unene. Usadikire, Marita.

Ukuona tsopano kumene ndimazungulira. Ndakulangiza kuti usadikire, pamene ine ndadikira miyezi iwiri. M'mawa uliwonse umandibweretsera tiyi, ine n'kumayembekeza kuti lero anena kuti mama tikambirane, kuti ine ndipezerepo poyambira. Ndimafuna mwana ayambe, monga ndinasiyira Abiti Saidi kuti ayambe. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti phunziro lija ndinalimva, koma zaoneka kuti ndinangolira basi. Pa ukwati wako ndinavina, ndinalulutira mpaka mawu kusasa, anthu n'kumati mayi wa mkwatibwi wasangalala, ndipo iwe unandithokoza ngati mmene unathokozera a kwaya.

Ndikuuze chimene chinandigwira tsiku lija, osati kuti ndidzilungamitse, koma kuti udziwe. Si nkhumba. Nkhumbayo ine imandipatsa kutentha pamtima, ndipo bambo ako mano otafunira anawathera kalekale, amangolimbikira mwambo. Kungoti kuyambira uli ndi zaka khumi, m'mawa wa Natale amamenya mazira ndiwe. Umakhala pa kampando kaja, mbale ili pamiyendo, ukuimba nyimbo za Gloria ndi mawu ako okhota aja, ine n'kumakuuza kuti usiye kunyambita chipande. Utanena mawu ako, ine sindinamve za Mulungu kapena za nyama. Ndinaona khitchini ilibe iwe, chaka chino, chaka chamawa, mpaka ndidzafe. Ndinachita mantha, ndipo ine ndikachita mantha ndimaluma. Ndiye ndinakuthamangitsa ndekha kuti ndisakuone ukuchoka, n'kusankhanso mawu amene ndinadziwa kuti akupweteka koposa.

Sindikunamiza kuti zonse zili bwino mumtima mwanga, poti ndangokuuza kumene kuti usamaname. Zikundipweteka kuti sudzakhalanso pambali panga pa Misa. Ndinakunyamula ndekha kupita nawe ku ubatizo, ndipo diresi lako la Komunyo woyamba likadali m'sutikesi. Mwina zidzandipweteka mpaka kale. Koma kupwetekako n'kwanga, ndidzakusenza ndekha, si katundu woti ndikuike pamutu. Ndakuona ukudzuka m'bandakucha kukasamba madzi ozizira a kuno kuti upemphere, iwe amene ndinkachita kukukoka mwendo Lamulungu. Munthu sachita zimenezo pofuna kusangalatsa mwamuna. Ukagwire chimene wagwiracho ndi manja awiri, usakakhale wa uku ndi uku. Ukasale pa Ramadani mokhulupirika, ndipo ukamva njala usakakalipire anthu ngati mayi ako pa Lachisanu Loyera.

Tsopano imva zimene ndachita, chifukwa mawu okha ndi otchipa. Ndatumiza uthenga ku Chimbonila kuti nyama ya nkhumba asabweretsenso pakhomo pano, chaka chino ngakhale zaka zikubwerazi. Wofuna akadyere komweko. Bambo ako anang'ung'udza tsiku lonse kuti m'nyumba mwawo momwe alandidwa ufulu, koma nditatchula mbuzi anayamba kufunsa kuti yonenepa bwanji. Mbuziyo ndapeza, ili kwa Che Omari, ndipo adzazinga okha. Ndagula mapoto awiri atsopano, chiwaya ndi zipande, zili pamwamba pa kabati m'mapepala ake. Akale aja ndapereka kwa azakhali ako, amene anandiyang'ana ngati ndapenga koma sanakane. Mukadzabwera, palibe adzakukokereni kutchalitchi. Ife tikapita ku Misa, inu mudzatsale mukuyang'anira moto. Chipinda chako ndidzachisesa, ndichotse zithunzi pakhoma, kuti mukhale ndi popempherera. Boma lomwe tsiku la Natale limalitcha la banja, ndiye sindikuona tchimo kuti mwana adye mpunga ndi dose ya mango kwa mayi ake. Koma zimenezo ukafunse kwa odziwa a chipembedzo chako, ndipo chimene akakuuze ndidzachilemekeza.

Akakati pa tsikulo n'zosayenera, udzabwere mawa lake, kapena Januwale, mango adzakhala akadalipo. Zikakanika zonse, ndidzabwera ndine pa Idi, kaya ku Nampula kaya ku Metangula. Ndayamba kale kuphunzira kalimati kwa Abiti Saidi. Ndayesa katatu, ndipo katatu konse atuluka olimba moti bambo ako akuti tiwasunge ogendera akhwangwala. Abiti Saidi akuti ndimathamangira, mtanda sindiupatsa nthawi yofufuma. Ndinawafunsa kuti ndichite bwanji za iwe, ndipo anandifunsa kuti kodi ndikudikiranso Idi yachitatu.

Za ku Nampula ndilibe zambiri, sindinakhaleko. Akuti n'kotentha, ndiye chakudya usamachigoneke monga timachitira kuno kozizira. Mukafika, sabata isathe usanadziwe mayi wa nyumba yoyandikana nayo. Usadikire kuti ayambe ndiye. Umutumizire kambale ka nyemba za kwathu, ndipo uyambe wafunsa chimene sadya. Mbale ya mwini usaibweze yopanda kanthu, ngakhale uikemo mandimu atatu. Pa fesita uphike mopitirira, chifukwa wobwera osaitanidwa sasowa, ndipo ana a eni ake uziwapatsa chidutswa chofanana ndi cha ana ako. Yusufu ukamudyetse, wawonda ndi ukwatiwu. Udziyang'anirenso wekha, usamadye wotsiriza nthawi zonse ngati kuti ndiwe wantchito.

Ndikumva azakhali ako akusanja miphika, ndiye kuti mwatsala pang'ono kufika. Kalatayi ndiika pa sutikesi yako kuti uiwerenge lero, osati m'basi, chifukwa pali chinthu chimene sichingathere papepala. Mawu oipa aja sindinakuuze kudzera m'kalata. Ndinawanena mokweza, pamaso pa anthu, ndipo azakhali ako anawamva n'kukawafikitsa kumene anakawafikitsa. Ndiye ndawapempha kuti asapite lero. Ndaitananso Abiti Saidi. Mawa tikamamwa tiyi musananyamuke, bambo ako ndi Yusufu ali pomwepo, ndidzaimirira n'kunena kuti ndinalakwa, kuti pakhomo pano ndi pako tsiku lililonse la chaka, ndipo ndidzakupempha kuti undikhululukire.

Chibadwire sindinapepesepo kwa mwana, ndipo kwathu sindinaonepo mayi akuchita zimenezi, ndiye mwina zidzatuluka zokhotakhota. Mwina ndidzayamba ndi kukalipira wina kuti tiyi wazizira. Ndikukudziwa, udzafuna kundichotsa manyazi, udzathamangira kunena kuti basi mama, zinatha. Usadzatero. Usadzandidule pakamwa ndipo usadzayang'ane pansi. Undisiye ndimalize, kenaka undiyankhe zoona, monga ndakuphunzitsira. Ngati mtima wako sunakonzeke, udzanene kuti sunakonzeke, ndipo ndidzakuperekezabe kubasi nditasenza thumba lako la nyemba.

Ndine mayi ako,
amene akuopa mawa kuposa iwe.